Waya wa Kadontho Kofiira

Amene anandichita chipongwe si mdani ayi. Ndi Damiano, mwana wa amalume anga, msuweni wanga weniweni amene tinakulira bwalo limodzi kwa Kalembo. Anatenga waya m'chikwama changa cha ntchito, waya wamfupi wosakwana n'komwe mkono, n'kuikamo wake wogula pamsika. Nditamufunsa anakana. Kenako anakhala potero, manja ali m'thumba, n'kumaonerera ine ndikuyaka ngati tchire la mu Okutobala, mpaka ntchito yanga inapsa, dzina langa linapsa. Ndalemba izi kuti inu owerenga, makamaka anyamata anzanga a mtima wapachala, muone mmene kanthu kochepa kamagwetsera munthu akakhala kuti m'mutu mwake muli kale moto.

Sindibisa, ine sukulu ndinalekera Fomu 2. Ndinamenya pulifekiti wina amene anandiseka pa asembule chifukwa cha nsapato zong'ambika, ndipo ahedi anandiuza kuti ndisadzapondenso pasukulupo. Kuchokera apo moyo wanga unali wa ganyu: kuumba njerwa, kusenza matumba a nandolo pa Ulongwe, kulimira anthu mizere. Kulikonse kumene ndagwirako ndinkachokako ndi ndewu. Mayi anga anafika potopa nazo, moti akangomva anthu akufuula kumsewu ankayamba kufunafuna mpango wawo, podziwa kuti posachedwa abwera owaitana.

Amene ananditola m'fumbi ndi Mayi Namakhwa, mayi wamasiye amene ali ndi shopu yotaipa makalata, kujambula zithunzi ndi kukonza mavidiyo a maukwati pa Ulongwe. Anandilemba ntchito yosesa ndi kunyamula katundu, koma ataona kuti ndili ndi chidwi anayamba kundiphunzitsa pang'onopang'ono kugwira kamera, kudula vidiyo, kuika nyimbo pansi pa zithunzi. Mbiri yanga ankaidziwa yonse. Tsiku loyamba anandikhazika pansi n'kundipatsa lamulo limodzi lokha. Anati ndikalakwitsa ntchito adzandikhululukira, ndikachedwa adzandikalipira, koma tsiku limene ndidzakweze dzanja pa munthu ndili pa ntchito yawo, ndisadzadikire kuuzidwa. Ndinavomera ndi mtima wonse. Kwa nthawi yoyamba ndinayamba kuvala malaya a kolala pakati pa sabata, ndipo azimayi a pamsika amene kale ankabisa ana awo ndikamadutsa anayamba kundipatsa moni.

Ndikuuzeni pang'ono za zida zathu kuti mumvetse. Mayi anali ndi laputopu yopyapyala, yamphamvu, imene anagula kwa munthu wina wochokera ku Joni. Vuto lake inalibe bowo lolowetsapo waya wa sikirini. Inali ndi timabowo tiwiri tokha, tofanana ndi ta mafoni a masiku ano. Ndiye inabwera ndi kabokosi kakuda kamene tinkati doki. Kabokosi kameneka ndi kamene kankalandira chilichonse: magetsi, mausi, pulinta ndi masikirini awiri aakulu. Kuchoka pa doki kupita pa laputopu panali waya mmodzi yekha, wamfupi, wonenepako pang'ono. Ukangomulowetsa, zonse zinkadzuka nthawi imodzi. Mayi ankadontheza penti yofiira ya m'zikhadabo pa mutu wa waya wawo aliyense, chifukwa ku maukwati mawaya amasochera m'zikwama za madijeyi.

Tsono chisuweni mukuchidziwa inu. Msuweni wako amakutukwana pagulu iwe n'kumaseka. Amavala malaya ako atsopano osakufunsa. Amagwira nkhuku yako n'kukuitana kuti mudzadye limodzi. Mlandu supita kulikonse. Ine ndi Damiano tinkachita zimenezi kuyambira tili ana. Iye anandilanda nsapato za mpira, ine ndinamulanda chipewa ndi kawailesi. Nditayamba ntchito anandipatsa dzina loti Injiniya wa Fomu 2, ndipo akandiona ndikudutsa pa siteji pamene amaimika njinga yake yamoto ya kabaza, ankalifuula kuti Ulongwe yense amve. Anali munthu yekhayo padziko amene ankatha kundinyoza ine osamugwira pakhosi.

Ukwati umene unandigwetsa unali ku Liwonde, Loweruka lina m'nyengo yotentha. Bambo a mkwatibwi anali ku Joni kwa zaka zambiri, mapepala awo atatha, moti akanabwera sakanathanso kubwerera. Ndiye anajambula uthenga wa vidiyo wodalitsa ndi kulangiza mwana wawo, n'kuutumiza kwa Mayi Namakhwa mwachinsinsi. Mkwatibwi sankadziwa kanthu. Pangano linali loti perekaniperekani asanayambe, nkhope ya bambo ake itulukire pa masikirini awiri aja, imodzi kumanja inayo kumanzere kwa tebulo la akwati. Mayi anati iwo akhala ndi kamera kutchalitchi ndi kokajambulitsa zithunzi kumtsinje, ine ndikakonzeretu kuholo ndekha. Aka kanali koyamba kundikhulupirira chotere. Lachisanu masana ndinalumikiza zonse mu shopu, bambo aja anaoneka bwinobwino mbali zonse, ndinazimitsa n'kulongedza ndi manja angawa.

Loweruka m'mawa masikirini anatsogola pa galimoto ya mipando. Ine ndinakwera njinga ya Damiano, chikwama cha laputopu, doki ndi mawaya chili kumsana. Titafika ndinamusiyira chikwamacho pakhonde la holo kuti ndikathandize kutsitsa masikirini ndi kuwaika pa matebulo. Sindinachedwe. Pobwera ndinamupeza akuseweretsa foni, n'kundiuza kuti sabwerera msanga, adikira mpunga wa ukwati poti wanyamula injiniya mwaulere.

Magetsi anali atazima kuyambira m'mamawa, choncho tonse tinkadalira jenereta ya dijeyi, mnyamata wina wa ku Ntaja dzina lake Amidu. Anandipatsa malo pa ekisitenshoni yake mosavuta. Ndinalumikiza mmene ndinkachitira masiku onse. Kanyale ka pa doki kanayaka. Laputopu inaonetsa kuti ikutchaja. Ndinagwedeza mausi, kamuvi kanayenda. Ndinakweza maso kuyang'ana masikirini. Onse awiri anatulutsa timawu ta Chingerezi tonena kuti palibe chimene chikufika, kenako anangoti bii.

Poyamba sindinadandaule. Ndinati mwina mawaya a masikirini sanalowe bwino, ndinawazula n'kuwabwezera. Ndinawasinthanitsa mabowo. Ndinadina timabatani ta pansi pa sikirini tosankhira kumene chithunzi chizichokera, ndinazungulira konse. Ndinazimitsa laputopu n'kuiyatsanso. Ndinazula doki ku magetsi, kudikira pang'ono monga Mayi anandiphunzitsira, n'kubwezera. Ndinasamutsa waya wamfupi uja kuchoka pa kabowo koyamba ka laputopu kupita pa kachiwiri. Ndinalowa pamalo pamene umauza laputopu kuti ifunefune sikirini ina, iyo n'kuyankha kuti sikuona kanthu. Ndinafika pouzira mpweya m'mabowo ngati munthu wokoleza moto wa nkhuni zaziwisi. Palibe.

Inu owerenga, apa mpamene ndikufuna mumvetsere. Waya wamfupi uja ndinamugwira m'manja mwanga kangapo konse, koma sindinamuyang'ane. Mumtima ndinali nditamuchotsa kale pa mlandu. Ndinkati ngati laputopu ikutchaja ndipo mausi akuyenda, ndiye kuti waya ameneyu alibe vuto. Anali wakuda ngati wathu, mitu yake yofanana ndi ya wathu. Ndikanangomutembenuza n'kufunafuna kadontho kofiira, bwenzi lero ndikulemba zina.

Anthu anayamba kulowa. Azimayi a yunifomu ya zitenje zofanana ankadzaza mipando, ana ankathamangitsana pakati pa mawaya anga, ndipo malata a holo ankatentha ngati chiwaya. Malaya anga a kolala aja anali atamatirira kumsana. Ndinapita kwa Damiano, amene anali atakhala pampando wa kumbuyo, n'kumufunsa ngati wina anakhudza chikwama changa pa nthawi imene ndinamusiyira. Ndinamufunsa bwinobwino, ndi mawu otsika. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumbali n'kuseka.

"Akhudze ndani zinyalala zakozo? Ukalephera ntchito uzingonena, Injiniya."

Ndinamukhulupirira. Munthu amene munkawedza naye limodzi m'madambo mukali ana sumufunsa kawiri.

Amidu ataona kuti ndikuvutika anabwera ndi laputopu yake yakale, yonenepa, imene amaimbira nyimbo. Iyo inali ndi bowo la waya wa sikirini. Anazula waya mmodzi pa doki n'kumulowetsa pa yake, nthawi yomweyo sikirini inawala, nyimbo zake zonse zili poyera. Anayesa inayo, chimodzimodzi. Munthu wanzeru akanasangalala, chifukwa njira inali itapezeka. Ine chimene ndinaona n'chakuti ngati masikirini ali bwino, ndiye kuti doki yapsa. Doki ya Mayi, imene dzulo lake inkagwira ntchito. Ndipo ndinakumbukira kuti pamene Amidu ankayesa masipika ake aakulu, jenereta inalira mwachilendo, kutsika kenako kukwera. M'mutu mwanga mlandu unathera pomwepo: jenereta yake yaotcha katundu wa abwana anga.

Ndinamuuza choncho, ndipo sindinamuuze mwaulemu. Iye anakana.

"Walahi, achimwene, jenereta imeneyi sinaotchepo kanthu. Kanyale kanu si aka kakuyaka? Bweretsani fulashi, tiike vidiyo yanuyo pa laputopu yanga. Sikirini imodzi ikwana, bola anthu aone."

Ankanena zoona, ndipo ankafuna kundithandiza. Koma m'makutu mwanga zinamveka ngati akuti: iwe wa Fomu 2 zakukanika, patuka. Ndinaganiza za Mayi akulowa n'kupeza uthenga wawo wachinsinsi uli pa laputopu ya dijeyi, doki yawo itafa, ine nditaima pambali ngati chitsa. Ndinamuuza kuti asadzakhudzenso kanthu kanga. Anangokweza mapewa n'kubwerera ku nyimbo zake.

Posakhalitsa mahutala anamveka panja, nthungululu zinabuka. Mayi Namakhwa analowa akuyenda chafutambuyo, kamera ili pamaso, akwati akuvina kutsogolo kwawo. Atatembenuka anaona masikirini akuda, kenako anandiyang'ana ine. Ndinawakodola kuti asadandaule, zitheka. Ndinanama. Ndinazimitsanso, ndinayatsanso, ndinachita zomwe zija ndinali nditachita kale, ngati munthu wobwerera pachitsime chouma ndi ndowa yomweyo. Mwambo unkayenda, aphungu analankhula, akuchimuna analankhula, ndipo mawu aliwonse ankandiyandikizitsa pa nthawi yanga.

Wotsogolera mwambo sanabwere n'komwe kudzandifunsa ngati ndakonzeka. Anangogwira maikolofoni n'kulengeza kuti pali mlendo wina wochokera kutali amene akufuna kulankhula ndi mkwatibwi, tonse tiyang'ane pa masikirini. Holo yonse inatembenuka. Mkwatibwi anakweza nsalu ya kumaso kuti aone bwino. Kunali zii. Masikirini ali bii. Mayi wina anafunsa mokweza ngati mlendoyo wabwera usiku, anthu anayamba kuseka chapansipansi. Kenako kuchokera kumbuyo kunamveka mawu amene ndimawadziwa kuposa a munthu wina aliyense.

"Injiniya wa Fomu 2! Tayatsani nyali, mlendo sitikumuona!"

Holo inaphulika ndi phwete. Ndinamva makutu akutentha, maso akuchita chidima m'mbali. Nthawi yomweyo Amidu anafika pambali panga, fulashi ili m'manja, n'kunena motsitsa kuti chonde achimwene, mwana wa anthu akudikira. Anatambasula dzanja kuti agwire laputopu.

Sindikumbukira kuganiza. Ndimangokumbukira kulira kwa chibakera changa pakamwa pake. Anagwera pa sipika, sipika inagwera pansi, panamveka kulira kobaya m'makutu, ana anayamba kukuwa. Amidu anadzuka magazi akutsika pa malaya ake oyera, mlomo utang'ambika, akundiyang'ana ngati sakumvetsa. Sanabweze. Amuna anayi kapena asanu anandigwira n'kundikokera panja, wina akundiponda, wina akunditukwanira mayi anga. Pakhomo ndinakumana maso ndi Mayi Namakhwa. Anali atatsitsa kamera. Anangondiyang'ana, ndipo ndikanakonda akanandimenya mbama.

Ndili pansi pa mtengo wa nimu panjapo, ndinamva chinthu chimene chimandilasa mpaka lero. Phokoso litatha, m'masipika munamveka mawu a bambo wachikulire akutchula dzina la mwana wawo. Anthu anandiuza pambuyo pake kuti Mayi Namakhwa anangonyamula laputopu n'kukaiika patebulo pamaso pa mkwatibwi, ndipo Amidu, mpango uli pakamwa, anagwirizira maikolofoni pafupi kuti holo yonse imve. Basi. Chinthu chimene ine ndinathera m'mawa wonse ndikulimbana nacho, anthu ofatsa anachithetsa popanda doki, popanda sikirini. Pamene mkwatibwi ankaona bambo ake, n'kuti iyeyo akulira kale chifukwa cha ine.

Amene anandinyamula kubwerera kwa Kalembo ndi Damiano yemweyo. Njira yonse ndinamugwira m'chiuno, dzanja langa lili pa thumba la jekete lake. Sindinadziwe kuti chimene chandigwetsa chili pansi pa chikhato changa. Tikudutsa pa mlatho anangoti, "Iwenso umapsa msanga, msuweni." Sananenenso kanthu mpaka kunyumba, chinthu chosachitika kwa Damiano, koma ine ndinkati akundimvera chisoni.

Lolemba ndinapita ku shopu ngakhale ndinkadziwa. Mayi anandilandira pakhomo, sanandilowetse. Anandikumbutsa mawu a tsiku loyamba, anandipatsa kapu yanga ya tiyi ndi tchaja yanga, n'kundiuza kuti ndikathokoze Mulungu poti Amidu wakana kupita kupolisi. Ndinabwerera ku njerwa. Mayi anga sanandikalipire, anangochotsa malaya anga a kolala pachingwe n'kuwapinda pansi pa sutikesi.

Zikanakhala kuti ndinangotaya ntchito, mwina ndikanameza. Koma patapita masabata angapo Mayi Namakhwa anandiimbira foni. Anati anatengera doki ija kwa wokonza makompyuta ku Balaka kuti aone ngati ingadzuke. Mkuluyo anangoilumikiza ndi waya wake, masikirini onse awiri n'kuwala. Doki sinapse, jenereta ya Amidu inalibe mlandu. Anawafotokozera kuti mawaya a mitu imeneyi amaoneka ofanana koma m'kati ndi osiyana: ena amanyamula moto ndi tinthu ting'onoting'ono ngati mausi basi, ena ndi amene amanyamulanso chithunzi. Waya amene anali m'chikwama anali wotchajira foni, wa pamsika, ndipo analibe kadontho kofiira. Kenako Mayi ananena mawu amene anandiumitsa thupi: "Ndinkadziwa kuti ndiwe waukali. Sindinkadziwa kuti ndiwe wakuba."

Nkhani inayenda msanga kuposa minibasi. Pa Ulongwe anthu ankati ndinagulitsa waya wa abwana, n'kumenya dijeyi kuti ndibise umbava wanga. Mwini uvuni wa njerwa anayamba kuwerenga zikombole ndikamaweruka. Inu owerenga, ine ndine wandewu, ndikuvomera. Koma sindinatengepo ngakhale singano ya munthu. Dzina limeneli linandiwawa kuposa kuchotsedwa sukulu, kuposa kuchotsedwa ntchito. Ndinakhala pa mulu wa njerwa n'kuyamba kulondola chikwama chija kuyambira Lachisanu. Ndinachitseka ndekha. Chinagona kumutu kwanga. Chinali kumsana kwanga njira yonse. Chinachoka m'manja mwanga pamalo amodzi okha, pakhonde la holo.

Lamulungu titachoka ku Misa ndinapita kwa amalume. Mayi anga anandiona mmene ndinkayendera n'kuyamba kunditsatira, mpango uja uli m'manja. Tinapeza amalume atakhala pakhonde, Damiano akupukuta njinga yake. Pawindo panali foni yake ikutchaja pa batire ya sola. Ndinapita molunjika, ndinazula waya n'kutembenuza mutu wake. Kadontho kofiira kanali pomwepo, katayamba kufufutika m'mbali chifukwa cha zala zake.

Damiano anayamba ndi kuseka. Anati wake unkachedwa kudzaza foni, ndiye ataona wangawo ndi wonenepa anati ayese, ndipo anandisiyira wina wabwinobwino, sanandisiye chimanjamanja. Anati akanadziwa bwanji kuti waya wotchajira angazimitse kanema. Izi ndinazimva, chifukwa ngakhale ine sindinkadziwa. Ndiye ndinamufunsa za nthawi ija ndinabwera kumpando wake. Kuseka kunatha. Anayang'ana tayala la njinga n'kuvomera kuti pamene ndinkamufunsa anayamba kukayikira, koma nkhope yanga inamuopsa, ndipo anaganiza kuti ndipeza njira ina. Anati zitafika pa magazi zinali zitakula kale moti sakanathanso kutsegula pakamwa. Ndinamufunsa chimene anafuulira za nyali ngati ankakayikira. Anangoyambanso kupukuta njinga yake.

Amalume anayesa kuzimitsa. Anati iyayi mphwanga, izi ndi zachisuweni, sizikhala ndi mlandu, iwenso si uja unamulanda wailesi, gwiranani chanza zithe. Mayi anga anaima pakati pathu, maso ali pa manja anga. Ndinamva moto uja ukukwera kuchokera m'mimba, womwe uja wa pa asembule, womwe uja wa mu holo. Pafupi ndi phazi langa panali sipanala yaikulu ya njinga. Ndinaiona, Damiano anaona kuti ndaiona. Ndinalowetsa manja onse awiri m'matumba a thalauza n'kufumbata nsalu mwamphamvu mpaka thumba lina linang'ambika.

Ndisanakuuzeni zimene ndinanena, ndiloleni ndikuchenjezeni, poti n'chifukwa chake ndalemba. Inu amene mumagwira zida za eni ake, chinthu chikakana musathamangire kuloza munthu. Yang'anani chilichonse ndi maso, ngakhale chimene mukuti chilibe mlandu, ndipo musati poti chikutchaja ndiye kuti chili bwino. Chikwama cha ntchito musasiyire munthu, ngakhale wa magazi anu, chifukwa iye amaona zinthu za mbale wake pamene inu mwanyamula mutu wanu. Wina akati bweretsani ndikuthandizeni, landirani, manyazi a mphindi imodzi sapha. Ndipo inu a chisuweni, sewerani ndi malaya, sewerani ndi nkhuku, koma mukaona mnzanu akumira chifukwa cha sewero lanu, lankhulani.

Pa ntchito sindinabwerere. Mayi Namakhwa anapepesa pa mawu akuti wakuba, anawabweza pamaso pa anthu a pamsika, koma anati lamulo la dzanja lija silisintha, ndipo waya sanamenye munthu. Sindingawatsutse. Pa mpando wanga pakhala mtsikana wina wa ku Utale, ndipo ndimamva kuti amagwira bwino. Kwa Amidu ndinapita ndekha ku Ntaja. Anandilandira, anandipatsa madzi, koma akamaseka chipsera chimaoneka, ndipo ndi ine ndinachiika. Chimene ndinapulumutsa ndi dzina lokha, chifukwa Lolemba lake Damiano anakaima pakhomo la shopu n'kuulula ndi pakamwa pake. Chimene chinamupititsa si chibakera. Ndi mawu amene ndinamuuza pakhonde lija, amalume ndi mayi anga akumva, manja anga ali m'matumba:

"Damiano, wayayu ndakukhululukira, chifukwa msuweni amatenga. Koma ndinabwera kwa iwe ndikumira, ndinakufunsa, iwe unandiseka n'kuitana holo yonse kuti ikuthandize kuseka. Chimenecho si chisuweni. Mawa m'mawa utenge waya ameneyu, ukamupereke wekha kwa Mayi Namakhwa, ukanene kuti wakuba si ine. Ukatero udzandipatse moni ngati munthu wina aliyense wa pamsewu. Sindikumenya, usaope. Amene ndinkamulola kunditukwana anatsala mu holo ku Liwonde, ndipo iwe sindikukudziwa mokwanira kuti ndikupsere mtima."